LIŴIRO LIMASULIDWA M'CHISAKASA

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1967, pa chidikha cha mchere cha Bonneville m'chigawo cha Utah ku America, nkhalamba ina ya zaka 68 inadzipanikiza m'chigoba cha njinga yamoto imene inali itatha zaka 47 chiipangire. Dzina la nkhalambayo linali Burt Munro, ndipo kwawo kunali ku Invercargill, tauni ya kumapeto kwenikweni kwa dziko la New Zealand cha kummwera. Anthu oyesa liŵiro atatha kuŵerengera, analemba m'buku mwawo kuti mkuluyo anathamanga mamailosi 183 ndi theka pa ola limodzi, ndiko kuti makilomita 295. Pamene njinga yomweyo inkatuluka m'fakitale ya Indian mu 1920, liŵiro lake lomalizira linali mamailosi 55 okha.

Anthu akamva nkhaniyi, makamaka anyamata, chimene amayamba kutama ndicho kulimba mtima kwa mkuluyo. Kulimba mtimako analidi nako, pakuti munthu wamantha sangagone chafufumimba pamwamba pa injini yotentha, mphuno ili pafupi ndi nthaka, n'kudutsa mtunda wa mailosi imodzi masekondi 20 asanakwane. Koma kutama zokhazo kuli ngati kuyamika mthiko chifukwa cha nsima ndi kuiŵala khasu limene linalima chimangacho. Anthu olimba mtima ngambiri m'dziko lililonse, ndipo ochuluka a iwo sasiya kanthu kokumbukika. Chimene chinasiyanitsa Munro ndi anzake ndi zaka 40 zimene anakhala chiŵeramire pa thebulo la m'chisakasa chake, tupa ali m'manja. Phunziro limeneli ndilo liyenera kufika kwa mnyamata ndi mtsikana amene watsiriza sukulu, ndiponso kwa mphunzitsi amene anawaphunzitsa masamu.

Mmene liŵiro limayesedwera

Mpikisano wa mtundu uwu ngwosiyana ndi uja wa njinga zambiri zothamangitsana m'bwalo. Pano wokwera amanyamuka yekha, ndipo wopikisana naye ndi nambala imene inalembedwa m'buku ndi munthu wina, mwina amene anamwalira kalekale. Nambala imeneyo ndiyo imatchedwa rekodi. Wokwerayo amapatsidwa mtunda wautali woti njinga ikokere mphamvu, kenaka amaloŵa m'chigawo choyesedwa bwino, cha mailosi imodzi kapena kilomita imodzi, chimene chili ndi makina ogwira nthaŵi poloŵera ndi potulukira. Akatuluka m'menemo amafunanso mtunda wina wautali woti aimire.

Ulendo umodzi suŵerengedwa. Bungwe la FIM, limene limayang'anira mipikisano ya njinga zamoto pa dziko lonse, limalamula kuti munthu athamange kaŵiri, kupita ndi kubwerera, pasanathe maola aŵiri, ndipo liŵiro lolembedwa limakhala lapakati pa maulendo aŵiriwo. Cholinga chake n'chakuti mphepo yokankha kumsana isapatse munthu ulemu umene sanaugwirire ntchito. Bungwe lina, la SCTA, limene linayambitsa msonkhano wa chaka ndi chaka wa othamanga pa Bonneville mu 1949, lili ndi mwambo wakewake: njinga ikaposa nambala ya m'buku, imaikidwa pamalo olondedwa, ndipo m'maŵa mwake iyenera kuonetsanso kuti zadzulo sizinali zamwaŵi. Pambuyo pake akuluakulu amayesa kukula kwa injini kuti aone ngati mwiniwake ananena zoona. Munro anafikapo mamailosi 190 pa ulendo umodzi, koma nambala imeneyo siinakhale rekodi, chifukwa inalibe mnzake woichitira umboni.

Njinga zimagaŵidwanso m'magulu, malingana ndi kukula kwa injini, mtundu wa mafuta, ndiponso ngati zili ndi chigoba chozikuta kapena ayi. Rekodi ya Munro inali ya gulu la njinga zokutidwa za injini yosapitirira 1,000 cc. Nkhani imeneyi iyenera kunenedwa moona: njinga yake siinali yothamanga koposa zonse pa dziko lapansi, pakuti mu 1956 Mjeremani wina, Wilhelm Herz, anali atadutsa kale mamailosi 200 pa mchere womwewo, atakwera njinga ya fakitale ya NSU. Chodabwitsa cha Munro chinali chida chimene anafikira nacho pamenepo, ndiponso kuti kumbuyo kwake kunalibe fakitale iliyonse.

Mdani wamkulu ndiye mpweya

Aliyense amene anatulutsapo dzanja pa zenera la basi yothamanga amadziŵa kuti mpweya uli ndi mphamvu yokankha. Chimene ambiri sadziŵa ndi mmene mphamvuyo imakulira. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mpweya umakankha moŵirikiza kanai, ndipo mphamvu imene injini iyenera kutulutsa kuti iuboole imaŵirikiza kasanu ndi katatu. Liŵiro likaŵirikiza katatu, mphamvu yofunika imaŵirikiza ka 27. Tsono njinga ya Munro inachoka pa mamailosi 55 kufika pa 183, kumene kuli kuposa katatu. Palibe tupa amene angachulukitse mphamvu ya injini yakale ka 27. Nchifukwa chake theka la ntchito linali kuikuta njingayo ndi chigoba chosalala, chosongoka ngati nsomba, kuti mpweya uzingotsetsereka m'mbali.

Masamu omweŵa ndiwo anavula zovala munthu wina wa ku America, Rollie Free, mu 1948. Iye ataona kuti zovala zake zachikopa zikumubweza m'mbuyo, anazivula, natsala ndi kabudula wosambira, nagona chafufumimba pa njinga ya Vincent miyendo atatambasulira kumbuyo, ndipo anakwanitsa mamailosi 150. Chithunzi chake chinatchuka, ndipo ambiri amachiona ngati chizindikiro cha misala. Misala inalipodi, ndipo malamulo a masiku ano sangalole zotero. Komabe munthuyo anali atazindikira chinthu choona, chakuti pa liŵiro lotere ngakhale khwinya la malaya limadya mphamvu ya injini.

Malo enieniwo ali ndi mavuto awo. Bonneville ndi pansi pa nyanja yakale imene inaphwa, ndipo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yaikulu. Mpweya wa kumeneko ngwopepuka, motero injini imene inalinganizidwa bwino m'mphepete mwa nyanja, monga ku Invercargill, ikafika uko imabanika, ndipo muyeso wa petulo ndi mpweya uyenera kulinganizidwanso. Petulo akachuluka injini imafooka. Akachepa imatentha mpaka pisitoni kubooka. Mchere nawonso sugwira tayala monga mmene umachitira msewu wa phula. Munthu akatsegula mafuta mwaphuma, tayala la kumbuyo limangozungulira pamodzimodzi, liŵiro osawonjezeka. Magiya ayenera kusankhidwa mwa kuŵerengera, kuti injini ifike pa mphamvu yake yonse m'kati mwenimweni mwa chigawo choyesedwa, osati isanafike kapena itadutsa. Zonsezi zimathetsedwa ndi pensulo ndi sipanala munthu asanakhale pa chishalo.

Zaka makumi anai za tupa

Munro anabadwa mu 1899 ndipo anakulira pa famu ku Edendale. Anagula njinga yake ya Indian Scout mu 1920, nayamba kuisintha mu 1926. Injini imene inabwera ndi 600 cc anaikuza pang'onopang'ono kufikira 850 cc mu 1962 ndi 950 cc mu 1967. Mavavu amene anali m'mbali anawasamutsira pamwamba kuti injini izipuma bwino. Posoŵa ndalama zogulira zipangizo, ndiponso popeza zipangizo zimene ankazifuna kunalibe amene ankazipanga, ankasungunula yekha zitsulo ndi kuumba mapisitoni m'zitini zakale, ndipo mikono yolumikiza mapisitoniwo ankaisema kuchokera ku ekiselo ya thirakitala. Njingayo ankaiyesa pa mchenga wa gombe la Oreti pafupi ndi kwawo. Rekodi yake yoyamba ya m'dziko la New Zealand anaipeza mu 1938, patatha zaka 12 chiyambire ntchitoyo. Yoyamba ya ku Bonneville, ya mamailosi pafupifupi 179, anaipeza mu 1962 ali ndi zaka 63.

M'chisakasa chake munali alumali limene ankasanjapo mapisitoni ophulika ndi zitsulo zothyoka, ndipo mwanthabwala anazitcha nsembe zoperekedwa kwa mulungu wa liŵiro. Alumali limenelo ndilo linali buku lake la phunziro. Mmisiri wamanyazi chitsulo chikathyoka amachiponya ku dzala kuti anthu asachione, ndipo mwa kutero amataya phunziro limene walilipira kale. Munro ankachisunga ndi kuchiyang'anitsitsa: chathyokera pati, chinali choonda pati, chinatentha mbali iti. Chitsulo chotsatira chinkasemedwa moyankha mafunso amenewo. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkuluyo anadekha kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera, ngakhale pamene nthenda ya mtima inayamba kumuvuta m'zaka zake zakumapeto.

Mbiri yake ili ndi kamchira kamene aphunzitsi a masamu angakondwere nako. Munro anamwalira pa 6 Januwale 1978. Mu 2014, patapita zaka 36, mwana wake anaona kuti amene anaŵerengera liŵiro lapakati la maulendo a 1967 analakwitsa. Bungwe la njinga zamoto la ku America, la AMA, litaŵerengeranso, linavomereza, ndipo nambala inasinthidwa kuchoka pa mamailosi 183.586 kufika pa 184.087. Kusiyana kwake ndi theka la mailosi lokha, koma kunali koyenera kukukonza, chifukwa m'ntchito imeneyi mawu a munthu alibe mphamvu kuposa nambala. Zimenezi zinatheka chifukwa chakuti nthaŵi za maulendo aŵiriwo zinalembedwa ndi kusungidwa.

Zonena za otsutsa

Alipo anthu anzeru amene amati zonsezi n'kutaya nthaŵi ndi chuma, ndipo mawu awo sayenera kunyozedwa. Iwo amafunsa kuti: kodi rekodi inadyetsapo yani? Kunena zoona, palibe munda umene unabala zambiri chifukwa chakuti njinga inathamanga ku Utah, ndipo amene amati mipikisano yotere ndiyo imabala nzeru zonse za makina amakokomeza. Phindu lake lenileni lili mwa anthu amene imawaumba. Munthu amene waphunzira kuyesa chitsulo mosaphonya, kusintha chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, kulemba chimene chachitika, ndi kuvomereza chiŵeruzo cha wotchi ngakhale chikumupweteka, munthu ameneyo angapatsidwe mpope wa madzi, chigayo kapena makina a m'chipatala, ndipo adzaŵasamala.

Chotsutsa chachiŵiri n'cholemera koposa: anthu amafa. Bill Warner, amene mu 2011 anakhala woyamba kudutsa mamailosi 300 pa njinga yokhalapo pamwamba monga mwa nthaŵi zonse, anafa mu 2013 pa bwalo la ndege la Loring ku Maine, akuyesanso liŵiro. Sanali wosadziŵa kapena wosasamala. Imfa yake ikuonetsa kuti ngakhale kukonzekera konse sikuchotsa ngozi, ndipo amene anganene kuti maseŵera ameneŵa ngotetezeka akunama. Chokhacho chimene chinganenedwe ndi ichi: anthu ameneŵa amaika pangozi moyo wawo wokha, pamalo otsekedwa, popanda mwana wodutsa kapena ngolo ya ng'ombe. Njinga imayamba yaunikidwa ndi oyang'anira, zovala ndi chipeŵa cholimba zimaonedwa, achipatala amakhala chire, ndipo mlendo saloledwa kuyamba ndi liŵiro lalikulu. Amakwera makwerero, kuonetsa pa sitepe iliyonse kuti angathe kuilamulira njingayo.

Chotsutsa chachitatu n'chakuti masiku a munthu mmodzi wa m'chisakasa anapita, ndipo pamwamba penipeni patsala anthu achuma okha. Mbali ina n'zoona. Don Vesco anadutsa mamailosi 300 mu 1975 ndi makina a injini ziŵiri za Yamaha, ndipo pa 25 Sepitembala 2010 Rocky Robinson anafika mamailosi 376, kapena makilomita 605, m'chombo chotchedwa Ack Attack, chimene chinamangidwa ndi Mike Akatiff ndi gulu lake, cha injini ziŵiri za Suzuki. Zoterezi munthu sangazipange ndi zitini. Koma ngakhale pamenepo, amene anapambana ndi amisiri: patapita zaka zoposa khumi, magulu ena a ndalama zambiri anali asanaipose nambalayo, chifukwa ndalama zimagula injini koma sizigula kukhazikika kwa chombo cha mateyala aŵiri pa liŵiro lotere. Ndipo m'munsimo muli magulu ambirimbiri, mpaka a tinjinga ta 50 cc, mmene mmisiri wamba akali ndi malo.

Chimene chingathetse maseŵeraŵa ku Bonneville mwina ndi mchere weniweniwo. Chikhungwa chake chakhala chikupyapyala, ndipo anthu amatsutsana za gawo la mlandu limene lili la migodi ya potashi ya pafupi ndi Wendover ndi limene lili la kusintha kwa nyengo. Mu 2014 ndi 2015 msonkhano waukulu wa m'mwezi wa Ogasiti unalephereka chifukwa malowo sanali bwino. Ena ayamba kupita ku Lake Gairdner ku Australia ndi ku Salar de Uyuni ku Bolivia.

Kwa wotsiriza sukulu ndi kwa mphunzitsi

Nkhani ya ku Utah ili ndi pokhudzira moyo wa kuno. M'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo ambiri oziyendetsa ndi anyamata amene anatuluka m'kalasi posachedwapa. Ena a iwo amayesa kuti kuthamanga ndiko umuna, ndipo akanamva za Munro akanamutenga ngati mnzawo. Sakanagwirizana naye. Ku Bonneville iye ankathamanga pamalo opanda munthu, atakonzekera miyezi yambiri. Mnyamata wopyola pakati pa minibasi ndi lole, mayi ndi mwana ali kumbuyo opanda chipeŵa, mabuleki sanawaone chiyambire sabata, akuchita chinthu chimene oyang'anira a ku Bonneville akanamuthamangitsira pa chipata. Masamu aja a mpweya ali ndi mbale wake pa msewu: liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse njinga umaŵirikiza kanai. Kuthamanga sikufika. Amene akufunadi kufanana ndi Munro ayambe ndi kudziŵa njinga yake kuyambira ku tcheni mpaka ku pulagi, kusunga kabuku ka mafuta ndi zokonza, ndi kuphunzira chifukwa chimene chitsulo chilichonse chimathera.

Pali msampha winanso umene wotsiriza sukulu ayenera kuupeŵa. Munthu angamve mbiri imeneyi n'kunena kuti sukulu n'njachabe, popeza mwana wa pa famu anachita zazikulu ndi manja ake. Kumeneko n'kuŵerenga mozondoka. Zambiri zimene Munro anazipeza mwa kuphulitsa mapisitoni, wophunzira wa sukulu ya zaumisiri amazipeza m'buku madzulo amodzi: mmene zitsulo zimafufumira zikatentha, mmene mphamvu imayendera m'magiya, mmene mpweya umakanira. Mkuluyo analipira nzeru zimenezo ndi zaka za moyo wake chifukwa analibe njira ina. Amene ali ndi buku ndiponso ali ndi manja ofuna kuda ndi girisi wayambira patsogolo pa Munro. Chomvetsa chisoni n'chakuti kaŵirikaŵiri ziŵirizi zimalekanitsidwa: wa buku amanyansidwa ndi sipanala, ndipo wa sipanala amauzidwa kuti analephera.

Apa ndi pamene mphunzitsi ali ndi mlandu woyankha. M'kalasi iliyonse mumakhala mwana amene pa mayeso a Chingelezi amakhala kumapeto, koma ndiye amene amakonza njinga ya aphunzitsi aakulu ikathyoka sipoko, ndipo galimoto yake ya mawaya imakhota bwino kuposa za anzake. Mwana ameneyo akamauzidwa chaka ndi chaka kuti ntchito ya manja ndi ya otsalira, amatuluka m'sukulu akudziŵa kuti ali ndi luso koma akulichitira manyazi, ndipo luso lochitiridwa manyazi silikula. Mphunzitsi angathe kumuonetsa kuti masamu ndi ake iyeyo koposa wina aliyense. Phunziro la kupeza nambala yapakati lili m'maulendo aŵiri a pa mchere. Phunziro la kuchulukitsa nambala ndi yokha katatu lili m'funso lakuti n'chifukwa chiyani njinga ya mphamvu zoŵirikiza kaŵiri siithamanga koŵirikiza kaŵiri. Phunziro la magiya lili pa njinga yakapalasa yotsamira khoma la ofesi: ana aŵerenge mano a gudumu lakutsogolo ndi lakumbuyo, ayese kuzungulira kwa tayala ndi chingwe, aŵerengere mtunda wa kupalasa kumodzi, kenaka atuluke pa bwalo akaone ngati pepala lanena zoona.

Moyo wa Munro unaseŵeredwa m'kanema wa 2005, The World's Fastest Indian, mmene Anthony Hopkins anatenga malo a mkuluyo, ndipo monga mwa chikhalidwe cha makanema, masekondi a liŵiro anapatsidwa malo aakulu kuposa zaka za tupa. Koma ku Invercargill, m'sitolo ya zitsulo ya E. Hayes kumene njingayo inakasungidwa, alendo amapeza pamodzi nayo zitsulo zothyoka zija. Anthu a kumeneko anachita bwino posazitaya, pakuti njinga yokha ikanangosonyeza kumene munthuyo anafika, pamene zitsulozo zikusonyeza njira imene anadzera. Sukulu iliyonse ya zaumisiri ndi galaja iliyonse imene ikuphunzitsa anyamata iyenera kukhala ndi alumali lotero, ndipo wophunzira asaloledwe kumanga chitsulo chatsopano asanafotokoze chimene chinapha chakale.